Wodzagwira Ntchito Akasanduka Mkamwini: Ziphaso ndi Ukwati ku Domwe ndi Kwina

Boma lililonse likamalola mlendo kulowa m'dziko lake limayamba lafunsa chimene wadzera, ndipo chiphaso chimene limam'patsa chimamangidwa pa yankho lakelo, kotero kuti wodzacheza saloledwa kulembedwa ntchito, wodzagwira ntchito saloledwa kukhazikika, ndipo chifukwa chimene adalowera chikatha, chiphasonso chimatha mphamvu. Malamulo a zolowa ndi kutuluka adakonzedwa ndi maganizo aja akuti mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Koma alipo alendo amene sakamuka, ndipo ambiri mwa iwo ndi achinyamata amene adabwera kudzagwira ntchito ya miyezi yowerengeka, nkupeza mbeta kapena mwamuna komweko, nkumanga banja. Munthu wotere amayenera kusamutsa maziko a kukhala kwake m'dzikomo kuchoka pa ntchito kupita pa ukwati, ndipo kusamutsa kumeneku sikuchitika kokha pa tsiku la chinkhoswe kapena la ukwati wa kutchalitchi, koma kumachita kupemphedwa, kulipiridwa ndi kudikiridwa.

Dziko limene lidayala njira imeneyi poyera kwambiri ndi Australia, kumene kuyambira mu 1975 kuli viza yotchedwa working holiday, imene imalola wachinyamata wochokera kumayiko osankhidwa kukhala m'dzikomo miyezi 12 akuyendayenda ndi kugwira ntchito zomupezetsa ndalama za ulendowo. Viza ndi chilolezo cholowera ndi kukhala m'dziko la eni kwa nthawi yoikika, ndipo iyi imaperekedwa kwa a zaka 18 mpaka 30, kapena 35 kwa nzika za mayiko ochepa, pamene kawirikawiri mwini wake saloledwa kugwira kwa bwana mmodzi kupitirira miyezi 6. Amene wagwira masiku 88 pa ntchito zoikika za kumidzi, monga kuthyola zipatso, angathe kupempha chaka chachiwiri. Akapeza banja ndi nzika ya dzikolo kapena ndi munthu wokhazikika mwalamulo, amapempha viza ya wapabanja, imene imabwera pawiri: yoyamba, ya nambala 820, ndi yongoyembekezera, ndipo yachiwiri, ya nambala 801, yomwe ndi yokhazikika, imaganiziridwa patatha zaka ziwiri chiperekereni pempholo, boma litakhutira kuti banjalo likadalipo. Pempho likalowa viza ya ntchito ija isanathe, wopemphayo amapatsidwa chilolezo chapakati chimene chimam'sunga m'dzikomo mwalamulo podikira yankho, ndipo kuyambira mu 2024 mtengo wa pempho lokhalo udapitirira madola 9,000 a ku Australia.

Popeza palibe ofesi imene ingayeze chikondi, akuluakulu a kumeneko amafufuza zizindikiro zooneka ndi maso, ndizo momwe awiriwo amagwiritsira ntchito ndalama zawo, momwe amayendetsera za pakhomo, momwe abale ndi anansi amawadziwira, ndiponso kutsimikiza mtima kwawo kuti adzakhala limodzi mpaka m'tsogolo. Amene sadakwatirane mwalamulo amayenera kusonyeza kuti akhala ngati banja miyezi 12, pokhapokha ngati adalembetsa ubale wawowo kuboma, ndipo anthu owadziwa amalemba umboni wowaikira kumbuyo. Malawi ndi Mozambique palibe pa mndandanda wa mayiko a viza ya working holiday, ngakhale kuti Portugal ndi United Kingdom, amene adalamulira mayiko awiriwa, alipo, motero kwa mnyamata wa ku Domwe khomo limenelo ndi lotseka. Komabe funso loti wodzagwira ntchito angasanduke bwanji wapabanja wololedwa kukhala lidafika ku Domwe kalekale, ndipo kumeneko limakhudza kwambiri anthu amene pasipoti sadaigwirepo m'manja.

Domwe, amene m'zikalata za Chipwitikizi amalembedwa Dómuè, ndi limodzi mwa madera awiri a ulamuliro amene amapanga boma la Angónia m'chigawo cha Tete ku Mozambique, ndipo linzake ndi la Ulongué kumene kuli likulu la bomalo. Dzinali ndi la phiri lotalika kuposa mamita 2,000, limene Angoni a kwa Maseko adamanga m'tsinde mwake cha m'ma 1870 motsogoleredwa ndi Chidyaonga, atabwerera kuchokera ku Songea, ndipo ndi pomwepa pamene Chikuse adalamulira dziko lofika mpaka ku Ntcheu ndi ku Dedza. Angoniwo adakwatira akazi a Chichewa amene adawapeza ndi amene adawagwira pankhondo, mpaka chinenero cha amayiwo chidameza cha abambo, ndipo lero anthu a m'derali amalankhula Chinyanja chomwechi cha kutsidya kwa malire. Pangano la pakati pa Britain ndi Portugal la pa 11 Juni 1891 lidaika malire motsata zitunda zimene zimagawa madzi, ena kutsikira ku Zambezi, ena ku nyanja, ndipo potero lidadula pakati ufumu umodzi ndi mabanja ake. Msewu wa M1 pakati pa Dedza ndi Ntcheu umayenda m'mphepete mwa malirewo mtunda wautali, ndipo pamsika wa Lizulu milu ya kabichi, anyezi ndi mbatata ya kachewere imayalidwa mbali zonse ziwiri za msewu, wogula nkumadutsa kuchoka m'dziko lina kupita m'linzake atanyamula thumba pamutu popanda womufunsa chitupa.

Nkhondo ya pakati pa Frelimo ndi Renamo idawonjezera mfundo zina pa ubale umenewu, chifukwa midzi yambiri ya ku Angónia idatsala mabwinja pamene eni ake adathawira ku Malawi, dziko limene pofika mu 1992 linkasunga othawa nkhondo oposa 1 miliyoni. Ku Dedza ndi ku Ntcheu ambiri a iwo adakhala m'midzi pakati pa abale ndi achinansi m'malo mokhala m'misasa yokhayokha, ndipo kumeneko adakwatira, adakwatiwa ndi kubereka ana. Pangano la mtendere litasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992, ena adabwerera kwawo ndi akazi kapena amuna a ku Malawi, ena adatsalira, ndipo katswiri wa za chikhalidwe cha anthu Harri Englund adalemba buku lonse mu 2002 lofotokoza za moyo wa m'malire a Dedza ndi Angónia m'nyengo imeneyo. Chiyambire nthawi imeneyo mayendedwe adatembenuka, popeza ku Angónia kuli minda yotakasuka ndi nthaka yachonde pamene ku Dedza ndi ku Ntcheu malo adachepa, motero nyengo yolima ikafika anthu a ku Malawi amawoloka kukagwira ganyu m'minda ya chimanga, ya mbatata ndi ya fodya, ena nkumalipidwa chimanga m'malo mwa ndalama, makamaka m'zaka za njala.

Mwambo wa m'derali udali kale ndi njira yosandutsira waganyu wotere kukhala munthu wa pamudzi. Mnyamata akaona mbeta amakauza kwawo, malume ake kapena mbale wina wamkulu nkupita kukaonekera kwa akuchikazi, ndipo mbali zonse ziwiri zimasankha ankhoswe, amene ndi anthu oimira banjalo, omva madandaulo ake ndi oweruza likagwedezeka. Pa chinkhoswe akuchimuna amapereka tambala, akuchikazi nkupereka msoti, ndipo ankhoswe akadyera pamodzi nkhuku, mudzi wonse umadziwa kuti ukwatiwo uli ndi eni ake. Pa chikamwini mwamuna amakamanga nyumba kwawo kwa mkazi, apongozi amam'lozera polima, ndipo khalidwe lake limaonedwa kwa zaka ndithu asanapemphe chitengwa, ndiko kutenga mkaziyo kupita naye kwawo, pamene m'mabanja otsata kwambiri Chingoni mkazi amapita kwa mwamuna malowolo ataperekedwa. Tikaunika bwino, mafunso amene ankhoswe amafunsa ndi omwe aja amene ofesi ya ku Australia imafunsa, oti munthuyu ndi wa kwa yani, akumuikira umboni ndani, ndipo pakhomo akusamala kapena ayi, ndipo mwambowo ulinso ndi nyengo yake yoyembekezera mlendo asanakhulupiriridwe kwathunthu. Kusiyana kwake nkwakuti umboni wa ankhoswe umasungidwa m'mitu ya anthu, pamene boma limamva zolembedwa zokha.

Ku Mozambique nkhani za alendo zili m'manja mwa Serviço Nacional de Migração, mwachidule SENAMI, ndipo lamulo lake ndi la nambala 23/2022, limene lidalowa m'malo mwa lakale la mu 1993. Nzika ya Malawi yokhala ndi pasipoti imalowa popanda viza pa zipata monga cha Calómuè, choyang'anana ndi Dedza, nkudindiridwa masiku 30, koma masiku amenewo ndi a kucheza, si a ntchito. Wofuna kulembedwa ntchito mwalamulo amadalira bwana wake, chifukwa chilolezo chimapemphedwa pa dzina la kampani, ndipo lamulo la ntchito limaika malire a chiwerengero cha alendo, monga 5 pa antchito 100 alionse m'kampani zikuluzikulu ndi 10 pa 100 m'kampani zazing'ono. Mlendo wokhala nthawi yaitali amayenera kukhala ndi chitupa chotchedwa DIRE, chimene chimasonyeza dzina lake ndi chilolezo chake chokhalira m'dzikomo, ndipo chimayenera kukonzedwanso nthawi yake ikatha. Njira yonseyi idakonzedwera injiniya wa ku migodi ya malasha ku Moatize kapena kalaliki wa kampani ya fodya, ndipo waganyu wolima mizere m'munda wa mlimi mnzake ku Domwe mulibe malo ake m'menemo, kotero kuti iyeyo alibe ngakhale chilolezo choyamba chimene angasinthe kukhala chachiwiri.

Kwa amene ali ndi pasipoti ndipo akufuna kukhala chifukwa cha banja, chinthu choyamba ndi kalata ya ukwati imene boma lingaivomereze. Lamulo la mabanja la mu 2004, limene lidakonzedwanso mu 2019, limazindikira ukwati wa kuboma, wa kuchipembedzo ndi wa mwambo, malinga ukhale wa mwamuna mmodzi ndi mkazi mmodzi, onse atakwanitsa zaka 18, ndiponso ulembedwe m'kaundula wa ofesi yotchedwa Conservatória do Registo Civil. Ukwati wa mwambo umachitika pamaso pa mfumu yozindikiridwa ndi boma ndi mboni, nkulembedwa chikalata chimene chimatumizidwa ku ofesi ija, ndipo chikalatacho chikapanda kufikako, ukwatiwo umakhala wodziwika kwa mudzi wonse koma wosadziwika kwa SENAMI. Lamulo lomweli limazindikiranso mwamuna ndi mkazi amene akhala pamodzi ngati banja osalembetsa, ndipo mu 2019 nthawi yofunika idakwezedwa kuchoka pa chaka chimodzi kufika pa zaka zitatu, ngakhale kuti mphamvu ya ubale wotere imaoneka makamaka pa nkhani za ana ndi za katundu. Pamwamba pa kalata ya ukwati, wopempha chilolezo chokhalira amafunsidwa kalata ya apolisi a kwawo yosonyeza kuti alibe milandu ndi umboni wa momwe adzadzisamalire, ndipo zikalata za Chingerezi zimayenera kumasuliridwa m'Chipwitikizi ndi womasulira wolumbira, zimene zikutanthauza kuti banja limene lidafunsirana m'Chinyanja limalipira kuti zinenero ziwiri zachilendo zimvane za ukwati wake.

Unzika ndi sitepe ina yosiyana ndi chilolezo chokhalira, ndipo anthu ambiri amasokoneza ziwirizi. Ndime 26 ya malamulo oyendetsera dziko la Mozambique a mu 2004 imati mlendo, mwamuna kapena mkazi, amene wakhala paukwati ndi nzika kwa zaka zosachepera 5 angathe kutenga unzika ngati wanena yekha kuti akuufuna ndipo wakwaniritsa zimene lamulo likufuna, ndipo imawonjezera kuti ukwatiwo ukadzatha, unzika umene udapezeka kale suchotsedwa. Amene alibe ukwati wolembetsedwa amadikira zaka 10 akukhala m'dzikomo mwalamulo, ndipo mwa zina amayenera kudziwa Chipwitikizi kapena chinenero china cha m'dzikomo, chinthu chimene kwa wobadwira ku Dedza si vuto konse. Zaka zaukwati zimene boma lingaziwerenge ndi zimene zili ndi umboni wolembedwa, motero mkamwini amene wakhala ku Domwe zaka makumi awiri, nkhokwe zake zili pabwalo ndipo adzukulu akusewera pakhonde, angathe kupezeka kuti pamaso pa lamulo sadayambe nkuwerengera komwe.

Mbali ya Malawi ili ndi zake. Lamulo la maukwati la mu 2015 limazindikira ukwati wa kuboma, wa mwambo, wa kuchipembedzo, ndiponso wa anthu amene akhalira limodzi nthawi yaitali mpaka kudziwika ngati banja, ngakhale kuti womalizawu amautsimikiza ndi khoti. Nthambi yoona zolowa ndi kutuluka ndiyo imapereka chilolezo chogwirira ntchito kwa nthawi yochepa, chodziwika ndi zilembo zoti TEP, komanso chilolezo chokhazikika. Chimene chidagwedeza kwambiri midzi ya m'malire ndi kalembera wa zitupa za unzika wa mu 2017, pamene bungwe la National Registration Bureau lidalemba anthu oposa 9 miliyoni, chifukwa kuyambira pamenepo chitupacho chidayamba kufunika kubanki, polembetsa nambala ya foni, povota ndi pogula feteleza wotsika mtengo, ndipo mayi wobadwira ku Angónia amene adakwatiwa ku Dedza nthawi ya nkhondo adayenera kuyankha funso limene padalibe adam'funsapo kale. Mu Disembala 2018 Nyumba ya Malamulo idavomereza kuti Mmalawi angathe kukhala ndi unzika wa mayiko awiri, kusintha kumene kukadayenera kupindulira ana a mabanja a m'malire koposa wina aliyense, ngakhale kuti mkangano wake udamveka kwambiri ngati nkhani ya Amalawi okhala ku Ulaya ndi ku America.

Kusowa kwa zikalata sikupweteka banja likamayenda bwino, ndipo nchifukwa chake ambiri saona chifukwa chotayira ndalama ndi masiku pa ulendo wa ku Ulongué kapena wa ku Tete. Ululu wake umadza pa maliro, pa kutha kwa banja ndi pa mkangano wa munda. Lamulo la malo la ku Mozambique la mu 1997 limati nthaka ndi ya boma, nzika zimakhala ndi ufulu woigwiritsa ntchito potsata mwambo kapena zitaulima mokhulupirika kwa zaka 10, pamene mlendo amaloledwa pokhapokha atakhala m'dzikomo zaka 5 ndipo ali ndi ntchito yachitukuko yovomerezedwa ndi boma. Choncho mkazi akamwalira, mkamwini wochokera ku Malawi amakhala wopanda pogwira mbali zonse ziwiri, popeza mwambo umati munda ndi wa mbumba ya mkaziyo ndipo lamulo limati iye ndi mlendo, ndipo chimodzimodzinso mtengwa amene amuna ake amwalira. Ana amatetezedwa bwinopo, chifukwa mwana wobadwira m'Mozambique amene bambo kapena mayi wake adabadwiranso momwemo ndi nzika, koma unzika umenewo umaoneka pokhapokha kubadwa kwake kutalembetsedwa.

Achinyamata a ku Angónia, Dedza ndi Ntcheu amene amapita ku Joni amakumana ndi funso lomweli m'dziko limene makhoti ake adalikambirana mozama. Nzika za Malawi ndi za Mozambique zimalowa ku South Africa popanda viza kwa masiku 30, ndipo malinga ndi malamulo a mu 2014, wopitiriza masiku ake amaletsedwa kulowanso kwa chaka chimodzi, kapena kwa zaka 5 ngati wapitiriza ndi masiku oposa 30. Lamulo la zolowa ndi kutuluka la mu 2002 lili ndi gawo 11(6), limene limalola mwamuna kapena mkazi wa nzika kukhala ndi kugwira ntchito malinga ngati banjalo ndi loona ndipo likadalipo, ndiponso gawo 26(b), limene limatsegula njira yokhazikika banja likakwanitsa zaka 5. Mu 2000, pa mlandu wa Dawood, khoti loona za malamulo oyendetsera dziko lidagamula kuti kulekanitsa okwatirana popanda mfundo zomveka kumanyoza ulemu wa munthu. Mu 2019, pa mlandu wa Nandutu, mayi wa ku Uganda amene adalowa ngati wodzacheza nkukwatiwa ndi munthu wokhazikika m'dzikomo, khotilo lidathetsa lamulo lokakamiza wapabanja kubwerera kwawo kuti akapemphere viza kumeneko. Zigamulo zimenezi zimathandiza amene masiku ake akadalipo, pamene matchona amene chidindo chawo chidatha zaka zapitazo amapeza kuti kalata ya ukwati payokha siifafaniza kupitiriza masiku.

Pali choopsa china chimene chimabisala m'kusinthaku, ndicho chakuti munthu amachoka m'manja mwa bwana nkulowa m'manja mwa mwamuna kapena mkazi wake, amene angathe kumuopseza kuti akakanena kuofesi kuti banja latha, chilolezonso chatha. Australia idaika m'malamulo ake njira yoti wochitiridwa nkhanza apitirize pempho lake ngakhale banja litasweka, ndipo ku South Africa khoti lija lidagamula mu Disembala 2023, pa mlandu wa Rayment, kuti kholo lachilendo limene likusamala mwana wake amene ndi nzika lisakakamizidwe kusiya ntchito ndi kutuluka m'dziko chifukwa chakuti lasiyana ndi kholo linzake. Maboma amayankha kuti kukhwimitsa kwawo nkofuna kuthana ndi maukwati ogula, ndipo maukwati otere alipodi, koma mtolo wa kukayikirako umagwera kwambiri osauka, amene alibe akaunti ya kubanki ya anthu awiri kapena kalata ya lendi yoti asonyeze.

Mayiko ena a m'bungwe la SADC adasainirana mu 2005 pangano lofewetsa mayendedwe a anthu, limene limakamba za kulowa popanda viza kwa masiku 90 pachaka ndi za kukhazikika, koma mayiko amene adalivomereza m'nyumba zawo za malamulo ndi ochepa, ndipo mabanja a m'malire akadali pansi pa malamulo amene adalembedwera mlendo wochokera kutali. Malawi ali ndi ofesi ya kazembe mumzinda wa Tete, Mozambique ali ndi yake ku Lilongwe, kaundula wa maukwati ndi wa kubadwa kwa ana a ku Angónia ali ku Ulongué, pamene ofesi yaikulu ya SENAMI ya m'chigawochi ili mumzinda wa Tete, mtunda wa makilomita oposa 200 kuchokera kumapiriko. Banja la ku Domwe lofuna kuyenda njira yonse limayamba ndi pasipoti ya mlendoyo ku Malawi, kenaka kulembetsa ukwati, kenaka kupempha chilolezo chokhalira masiku odindidwa asanathe, ndipo maulendo onsewo amalipiridwa ndi ndalama za mbatata ndi fodya zimene zimabwera kamodzi pachaka.